Tikumeta Loweruka

Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo bambo anga ali ndi ndevu za masiku awiri. Ali mnyamata anagwira ntchito yoperekera zakudya mu hotela ina ku Halale, kumene wantchito wobwera ndi chibwano chakuda ankabwezedwa pakhomo. Chizolowezi chimenecho anabwerera nacho kumudzi, limodzi ndi chometera chimene anagula komweko.

Chinali chachitsulo cholemera, cha zidutswa zitatu: chogwirira, kambale kapansi kokhala ndi mano ngati chipeso, ndi kachivindikiro kapamwamba. Lezala linkalowa pakati pa tiwirito, kenako n'kumanga ndi chogwirira chija. Pogwira zala panali patasupuka, mkuwa ukuonekera. Ankameta m'mawa kuseri kwa nyumba, kagalasi kali pamsomali, ndi madzi ofunda komanso sopo wochapira yemweyu. Ana tinkaloledwa kuonerera. Kukhudza ayi.

Amayi atamwalira, bambo anachoka kuchikamwini n'kubwerera kwawo kwa Kalembo, kukakhala pafupi ndi mlongo wawo, azakhali anga. Ine ndimakhala pa Nselema, ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza. Chaka chatha matenda aja ofa ziwalo anawagwetsa ali kumunda. Dzanja lamanja linafooka, mwendo ankachita kukoka, pakamwa panapotoka pang'ono. Atatuluka m'chipatala ndinawatenga kuti adzakhale nafe. Tinanyamula zovala, mankhwala, bulangeti ndi Baibulo. Chometera chinatsala m'sutikesi kwa azakhali, ndipo palibe amene anachikumbukira.

Ndevu zinayamba kumera ali m'chipatala momwemo, zoyera, zolimba ngati nthambo. Akuchipatala anatiuza kuti aziyenda tsiku ndi tsiku, ngakhale kungofika pamsewu n'kubwerera, chifukwa mwendo wotere ukazolowera kukhala pansi sudzukanso. Poyamba ankayesa. Kenako tsiku lina telala woyandikana nafe, Msilamu, mnzanga wakalekale, anawaona atakhala pakhonde n'kufuula ali pamashini ake:

"Salaamu aleikumu, a Shehe! Lachisanu likubwerali tikusungirani malo kutsogolo."

Sanafune choipa, ndi munthu wanthabwala basi. Bambo anaseka ndi theka la pakamwa. Koma atalowa m'nyumba anapempha galasi. Anadziyang'ana nthawi yaitali, n'kulibweza. Kuyambira tsiku limenelo anakana kutuluka. Akumpingo akabwera kudzawazonda, ankatembenukira kukhoma ngati ali m'tulo. Ndikawakumbutsa za mwendo, yankho linali limodzi, lotuluka movutikira:

"Anthu andione chonchi? Iyayi."

Nkhani inafika pamenepo. Ndevu zikapanda kuchoka bambo satuluka, ndipo akapanda kutuluka mwendo ufa. Ndinkaganiza kuti ndi vuto laling'ono.

Ndinayamba ndi wometa wa pamsika. Anabwera ndi mashini ake a batire, nawayendetsa pankhope ya bambo mofulumira ngati ali ndi mzere wa anthu panja. Atatha, bambo anapapasa chibwano ndi dzanja lamanzere, n'kupukusa mutu.

"Uyu sanamete. Watchetcha."

Zinalidi choncho, panatsala ziputu. Kutacha khosi lonse linali tiziphuphu toyabwa, ndipo anati munthu ameneyo asadzapondenso pakhomo pano.

Kenako ndinagula zapulasitiki zija ogulitsa amazitcha sheving'i sitiki. Chinthucho n'chopepuka ngati phesi. Ukachiyendetsa kamodzi chadzaza tsitsi, ndipo kuti uchitsegule uchotse tsitsilo sizingatheke, anachimata kufakitale. Chikatsekeka sichidulanso, ndiye umayamba kukanikiza. Khungu la munthu wokalamba silifuna kukanikiza. Ndinawacheka pansi pa khutu, ndipo chifukwa cha mankhwala amene amamwa, magazi anatenga nthawi kuti aume. Mayi a kunyumba kwanga anaima pakhomo la chipinda, poti mpongozi salowa wamba, n'kuyankhula chapansipansi:

"Abambo, mwawatenga kwawo kuti mudzawamalizire kuno?"

Anzanga a kuntchito anati ndisiye kudzivutitsa, ndingothyola lezala pakati n'kumeta ndi manja monga amachitira aliyense. Ndinaliyang'ana lezalalo, n'kuyang'ana makwinya a pakhosi pa bambo. Ndinakana.

Choncho ndinayamba kufunafuna chometera chenicheni chachitsulo. Ndinali wotsimikiza kuti ndichipeza pa Nselema pompo, chifukwa malezala ali paliponse. Palibe okala yopanda malezala. Amapachikidwa pafupi ndi machesi ndi singano, ndipo anthu amagula tsiku lililonse owengera zikhadabo, osongolera mapensulo, otemera mphini, osomolera ulusi. Koma chinthu chimene lezalalo anapangira, palibe anali nacho. Ambiri sankadziwa n'komwe kuti chilipo.

Pa Ntaja ndinalowa m'sitolo ina yaikulu ndithu. Wogulitsa anali bambo wachinyamata wovala ndolo kukhutu limodzi. Ndinafotokoza. Ananditulutsira chapulasitiki chabuluu. Ndinati iyayi, chachitsulo. Anatulutsa chachikasu. Ndinatenga lezala pashelefu, kulivundukula, n'kumuonetsa mpata wautali uli pakati uja.

"Achimwene, bowo ili mukuganiza kuti analiika la chiyani?"

Analiyang'ana mofatsa, n'kundiyang'ana ine ngati ndine wosadziwa.

"Pothyolera, madala."

Ndinalipira lezala ndinavundukulalo n'kutuluka.

Mkulu wina wa sitolo yakale kuseri kwa msika anamva msanga chimene ndinkanena. Anachita kuchijambula m'mwamba ndi zala, zidutswa zitatu, kumanga kwake. Ndinayamba kusangalala. Kenako anagwedeza dzanja.

"Pangali, palibe. Ndinasiya kuoda kalekale. Chinthu choti munthu akagula kamodzi sabweranso mpaka kufa, ndiodere chiyani?"

Ku Liwonde ananditumiza kwa ogulitsa zodzoladzola, odzoladzola ananditumiza kwa ogulitsa zitsulo, ndipo a zitsulo anandionetsa mpeni wodulira makapeti. Wina anandiuza kuti ndikayang'ane pa kaunjika, nthawi zina zimapezeka m'matumba a majekete. Ndinafunsa ngati akufuna kuti ndipisepise m'matumba a majekete onse a mu Liwonde. Anati zili kwa ine.

Ndinachipeza ku Balaka, m'sitolo yogulitsa matochi, maloko ndi zotchajira mafoni. Chinali m'kabokosi kapulasitiki kokhala ndi chithunzi cha mzungu akumwetulira. Chinkanyezimira kuposa cha bambo chija ngakhale chili chatsopano. Ichi sichinali cha zidutswa zitatu. Ukapotokola pansi pa chogwirira, pamwamba pankatseguka tizitseko tiwiri, n'kugwetseramo lezala.

"Orijino iyi, bwana," anatero wogulitsa. "Mudzasiyira adzukulu."

Ndinaona kuti n'chopepuka, koma ndinali nditatopa. Ndinagula.

Mwamwayi ndinayamba kuchiyesa pa ine mwini. Lezala silinkakhala mowongoka. Mbali imodzi linkatulukira kwambiri, mbali inayo linkabisala. Kobisalako kunkangoseweretsa thovu, kotulukirako kunandilemba mzere kuchokera patsaya mpaka pachibwano. Ndinamasula, kukonza lezala ndi chala, kumanganso. Linapendekeranso. Nditachitsuka kangapo, kunyezimira kuja kunayamba kusupuka ngati khungu la njoka, pansi pake pali chitsulo chotuwa chooneka ngati dothi. Mlungu usanathe popotokola paja pankangozungulira osagwira, ndipo kachitseko kamodzi kanagwera m'beseni.

Ndinapita nacho kuchipinda kuti bambo aone kuti ndikuyesetsa. Anachiika pachikhatho cha kumanzere, kuchiyeza kulemera, n'kuchiika pampando.

"Chidole."

Kenako anawonjezera: "Changa chili kuti?"

Chawocho chinali kutsidya kwa Shire, m'sutikesi. Nthawi imeneyo inali yogulitsa feteleza, ndipo abwana anali atandichenjeza kale za maulendo anga a ku Liwonde ndi ku Balaka. Sindikanatha kupita. Azakhali alibe foni. Uthenga wawo umadzera kwa mayi wina amene ali ndi okala pafupi ndi mjigo. Ndinamuimbira pakati pa mlungu, nthawi ya nkhomaliro, nditaima kuseri kwa sitolo kumene netiweki imagwirako. Mawu ankadukaduka. Sindikonda kuchulutsa mawu pafoni, choncho ndinanena zofunika zokha.

"Mayi, muwauze azakhali kuti kuno tikumeta Loweruka. Atumize chometera cha bambo chija, chili m'sutikesi."

Kenako mayiyo anati, "Kalanga ine. Pepani, bambo. Pepani kwambiri."

Ndinaganiza kuti akupepesa za matenda, kapena za netiweki. Ndinayankha kuti, "Zikomo, mayi. Zimachitika." Foni inaduka.

Loweruka ndinapempha kuti ndiweruke msanga. Ndinagula malezala atsopano, mayi a kunyumba anatereka madzi, ndipo ndinakhala pakhonde kudikira kuti kondakitala wa minibasi andiimbire za kaphukusi. Dzuwa litakwera ndithu, ndinamva kulira kuchokera cha kusiteji. Kunali kulira kwa maliro, kwa amayi angapo, ndipo kunkayandikira. Ndinaimirira kuti ndione kuti zagwa nyumba iti.

Anali azakhali. Ankabwera pakati pa msewu, manja ali kunkhongo, mpango utamasuka, amayi awiri a kwawo atawagwirira uku ndi uku.

"Achimwene anga ine! Mwandisiya ndi yani ine! Akukwirirani ngati nkhuku ya chitopa, mlongo wanu osamuuza!"

Anakhotera pakhomo panga.

Pa Nselema kulira sikufuna kalata. Amayi oyandikana nafe anayamba kutuluka akumanga zitenje. Ogulitsa tomato pamsewu anasiya malonda awo. Telala uja ndinamuona akuthamangira kumtengo wa mango, kuthyola nthambi zoti aike pamsewu. Ndinamukuwira kuti asiye, koma anangondikwezera dzanja mondilimbitsa mtima n'kupitiriza kuthyola. Mayi a kunyumba anatuluka kuseri ndi manja onyowa, anaona azakhali akulira, nawonso anayamba kulira osafunsa.

Azakhali anandigwira malaya pachifuwa.

"Iwe mwana iwe! Sukulu yako ija inakuphunzitsa kuika bambo ako mobisa? Unaopa kuti tidzakuthera ufa? Manda ali kuti?"

"Manda a ndani, azakhali?"

"Ukundifunsa ine? Mwamumva? Akundifunsa ine!"

Ndinayesa kufotokoza, koma mawu anga sapita patali ngakhale pa tsiku labwino. Pabwalo panali patadzaza. Wina anali atayamba kale kutulutsa mipando ya m'nyumba mwanga, wina akufunsa ngati akumpingo auzidwa.

Kenako chitseko cha kuchipinda chinalira. Tinamva ndodo ikugunda simenti, mwendo ukukokedwa, ndodo, mwendo. Bambo anatulukira pakhomo, atavala malaya ogonera, ndevu zili yoyoyo. Anali atamva mawu a mlongo wawo ndipo anaganiza kuti zovuta zachitika kwa Kalembo. Anayenda okha kuchokera pabedi mpaka pakhonde, chinthu chimene ndinakhala ndikuwachonderera milungu yonseyo. Anayang'ana khamu lija, n'kufunsa momveka bwino kuposa masiku onse:

"Wamwalira ndani?"

Mmodzi wa amayi a kwa Kalembo aja anakuwa n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe ya aneba. Azakhali anasiya malaya anga, anakhala pansi pafumbi. Anawayang'ana achimwene awo kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Achimwene, ndinu?"

"Ndine. Wamwalira ndani?"

"Inuyo."

Panapita nthawi anthu asanayambe kuseka. Anayamba ndi telala, nthambi ili m'manja. Kenako bwalo lonse. Ine sindinaseke. Azakhalinso sanaseke. Anadzuka, kusasa fumbi, n'kunditembenukira.

"Unati chiyani pafoni?"

"Ndinati tikumeta Loweruka."

"Eya. Munthu anachoka kwathu atanyamulidwa. Mwana wake akuimba kuti tikumeta Loweruka, bweretsani chometera cha mwiniwake. Mayi uja akuti pepani, iwe ukuti zimachitika. Ukanakhala iwe ukanamva chiyani? Anthu amameta liti? Si ataika kale maliro?"

"Ndimanena ndevu, azakhali."

"Ndiye mawu akuti ndevu anakulemera? Amalipiritsa padera? Usiku wonse wa dzana mudzi sunagone. Amfumu auzidwa. Mbuzi yanga ndauza anthu kuti aigwire. Ndikabwerera ndikanene kuti chiyani, kuti malemu akupereka moni?"

Mpaka lero ndimaona kuti mayi wa okala uja akanatha kufunsa funso limodzi lokha. Koma ndinaona kuti si nthawi yake yonena zimenezo.

Bambo anali atayamba kuzindikira kuti aima pamaso pa Nselema yense ndi ndevu zawo. Anakweza dzanja kuphimba chibwano, n'kuyamba kutembenuka kuti abwerere kuchipinda. Ndinadziwa kuti akalowa ulendo uno sadzatulukanso. Ndinafunsa azakhali mofulumira ngati anabwera nacho.

"Ndikanasiya bwanji? Ndimati tidzametere chomwecho, poti ankachikonda."

Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje. Chinali mmenemo, chokulungidwa m'kansalu, chakuda pang'ono chifukwa chokhalitsa, koma chopanda dzimbiri ngakhale pang'ono. Ndinachipereka kwa bambo. Anachiika pachikhatho, ndipo sanapitirize kutembenuka.

"Kuseri," anatero.

Tinapita kuseri kwa nyumba, ine ndi iwo. Mayi a kunyumba anabweretsa madzi aja n'kubwerera kukathandiza alendo, poti anthu obwera kumaliro sungawabweze ndi njala ngakhale maliro atakanika. Ndinayamba ndafupikitsa ndevu ndi sizasi. Kenako ndinamasula chogwirira. Chinazungulira mosalala ngati chamangidwa dzulo. Lezala linakhala pa timinga take tiwiri osagwedera, ndipo nditamanga linapindika pang'ono n'kutulukira mofanana mbali zonse. Ndinalicheukira kangapo kufuna cholakwika. Panalibe.

Ndinapaka thovu n'kuyamba patsaya lamanzere. Dzanja langa linali litazolowera zapulasitiki zija. Bambo anandigwira pamkono.

"Usakanikize. Chimayenda chokha."

Ndinachileka kuti chitsike ndi kulemera kwake. Chinkamveka ngati munthu akupala nsomba yaing'ono, ndipo kumbuyo kwake kunkatsala khungu loyera. Chikadzaza, ndinkangomasula pang'ono n'kuchivuwika m'madzi, tsitsi lonse n'kuchoka. Chimene chinandikwiyitsa ndi lezala. Nditameta tsaya limodzi lokha linali litabuntha kale, likukoka m'malo modula, moti ndinachita kusintha kuti ndimalize. Bambo anati kale lezala limodzi linkawatha mlungu. Kaya n'zoona, kaya ndevu zawo zinali zofewa nthawi imeneyo, sindinatsutse.

Pakhosi ndinapita pang'onopang'ono, ndikukoka khungu ndi zala ziwiri monga ankandilozera. Mbali yopotoka ya pakamwa inavuta, chifukwa sangathe kukunga mlomo. Analowetsa lilime kunsi kwa tsaya kuti patukuke. Tinamaliza popanda dontho la magazi.

Ndinawapatsa galasi. Anayang'ana uku, nayang'ana uku, napapasa pansi pa chibwano. Anapeza malo amodzi pafupi ndi khutu pamene ndinasiya, ndipo anandidikira kuti ndikonze. Kenako anati ndiwatengere malaya oyera ndi jekete.

Anadya pakhonde limodzi ndi anthu. Aneba ankabwera mmodzimmodzi kudzawagwira chanza, ena akuti takulandirani kuchokera kumene munapita. Ankayankha onse. Azakhali anadya atandifulatira.

Dzuwa litapendeka, alendo anati akufuna apeze minibasi kusanade. Ndinadzuka kuti ndiwaperekeze. Bambo nawonso anafufuza ndodo yawo.

"Khalani, achimwene," anatero azakhali. "Mwendowo."

"Mlendo wobwera kumaliro anga ndimusiye apite yekha?"

Tinayenda ulendo wa kusiteji mwa kayendedwe kawo, ndodo, mwendo, ndodo, mwendo, tikuima akafuna kupuma. Amayi awiri aja anali patsogolo, ndipo wothawa uja ankachewukabe nthawi ndi nthawi. Ogulitsa m'mbali mwa msewu ankawapatsa moni bambo, iwo n'kumakweza ndodo pang'ono. Pofika pasiteji thukuta linali litanyowetsa kolala, koma anakana kukhala pabenchi.

Minibasi itaima, azakhali analowetsa mwendo umodzi, n'kubwereranso kudzandiloza chala.

"Tsiku lenilenilo udzabwere wekha ndi miyendo yako. Usadzatume foni."

"Ndamva, azakhali."

"Ndipo udzanene mawu onse."

Bambo anawakankha pang'ono ndi ndodo kuti akwere.

"Pita, anthu akudikira. Ine sindikufulumira."

Minibasi inanyamuka. Ndinawapatsa mkono kuti agwire pobwerera. Anaukana, n'kundiuza kuti ndiyende kumbali ya magalimoto.